Dzanja Lothira Mchere

Kwa Kalembo,
Lachitatu, dzuwa litapendeka.

Yusufu mwanangu,

Salamu alaikumu. Zimene ndikuuze m'kalata muno sindinazitole panjira. Woyamba kundiuza anali a Kopolo Bwanali a kwa Kawinga, amene anali atamenya kale nkhondo ku Abisiniya ife tisanalembedwe. Tsiku loyamba ku kampu ya ku Zomba anatiimika pamzere, tili ndi mipala yatsopano, nkutiuza kuti, "Inu mukuganiza kuti mwabwera kudzaphunzira mfuti. Mfuti ndi ya milungu itatu basi. Chimene chidzakuvuteni mpaka kumanda ndi poto." Tinaseka tonse. Ine ndinaseka kuposa anzanga, poti pakamwa panga ukupadziwa.

Akulemba ndi a Dinesi a telala, chifukwa ine cholembera chimandithawa m'manja. Ndawauza kuti alembe monga ndikunenera, asadule ngati nsalu. Amayi ako aiika kalatayi m'chikwama mwako, pansi pa matemba ouma aja. Usaitsegule pa Liwonde pamaso pa anzako, iyayi. Udikire sitima idutse Nayuchi.

Ndikanakuuza pakamwa, koma masiku atatu amene wakhala pakhomo pano ndi yunifomu yako nyumba sinapume anthu, ndipo aliyense wolowa akuti, "Mwana watengera bambo ake." Watengera bambo uti? Watengera uja wa pansi pa mtengo wa pa depoti, wopha Majapani khumi ndi chikwanje chimodzi, wowoloka mtsinje mfuti ili pamutu. Iwe unkakhala kutsogolo kwenikweni, kukamwa kuli yasa. Yusufu, nkhani zija ndinkapeka. Anthu ankandigulira tiyi ndi sikono, ine nkumawonjezera Mjapani mmodzi chaka chilichonse. Mjapani wamoyo ndinamuona kamodzi kokha, ali patali, akutsuka mbale yake pamadzi. Ndiye ngati ndi nkhani zijazi zinakutuma kukalembetsa, amene wakukankhira m'sitima ya mawa ndine. Sindingakutsitsemo. Chimene ndingathe ndi kukuuza zoona usanafike.

Akuti simukupita kunkhondo, mukungokalondera njanji ya ku Mozambiki. Koma anthu a komweko amene adzaza ku Chiuta ndi ana kumsana, ena opanda makutu, sanathawe njanji. Apa a Dinesi aimitsa dzanja, akuti, "Che Amini, mukufuna tikagone kopanda mawindo tonse awiri?" Chabwino a Dinesi, lembani kuti kuli mtendere. Mwanangu, ukupita ku mtendere wonyamula mfuti. Ndiye tamvera za poto.

Kulakwa kwanga koyamba kunali nyama. Chaka chimene ndinalembedwa, kuno kunali kouma, tinkagonera madeya. Asilikali anabwera pa Liwonde ndi malipenga ndi ng'oma, napha ng'ombe pafupi ndi pokwerera pantoni. Ndinaona msilikali akutaya fupa nyama ikadalipo. Ndinati ntchito yotayitsa fupa lotere ndi yanga. Sindinafunse kuti nkhondoyo ndi ya yani, akulimbirana chiyani, dziko la Bama limene ankatitengerako lili kuti. Ng'ombe ija, mwanangu, ndi yomaliza imene ndinaiona ili ndi miyendo. Zina zonse zinali zojambulidwa pachitini. Ndiye akakudyetsani bwino tsiku lina popanda chifukwa, usavine. Manga jombo zako, mawa lake mukupita koipa.

Kulakwa kwachiwiri kunali kudzionetsa. Atatipatsa nyama ya m'chitini ija, ine ndinaimirira pamaso pa onse nkunena kuti Msilamu weniweni sadya chimene sakudziwa wozinga wake. Masiku asanu ndi anayi ndinadya mpunga wokha, ndikuyang'ana anzanga ngati agalu. Tsiku lakhumi ndinagwa pa pelete, mfuti uko, chipewa uko. A Kopolo Bwanali, amene sankaphonya swala ngakhale m'matope, anandithira madzi kumaso nkunena kuti, "A Shehe, dzukani. Mulungu akudziwa kumene muli. Tchulani dzina lake, tsegulani chitini, mudye. Mukafa ndi njala chitini chili m'thumba, mukamuuza chiyani?" Kuyambira pamenepo dzina langa ku kampu linali Shehe, ndipo sanali kundilemekeza. Iwe swala usasiye, koma usaiyese belu loitanira anthu kuti akuone. Chimene wapatsidwa, idya. Wamva? Idya.

Ndikuuzenso ichi, poti pansi pa mtengo paja sindinkachinena: usilikali ndi kudikira. Lipenga limalira kusanache, mumathamanga, mumaima pamzere, kenako mumadikira. Mumakumba dzenje lobisalamo, mumakumba chimbudzi, mukamaliza akuti tasamuka, mukakumbenso kwina. Mumasaka nsabwe m'misoko ya malaya. Ku Bama mvula inkagwa ngati kumwamba kwabooka, ndipo misundu inkalowa m'jombo mpaka pobisika. Msundu usauzule, umasiya mutu m'thupi. Uyandikize moto wa ndudu, ugwa wokha. Masokosi amodzi uzisunga ouma pamimba, mkati mwa malaya. Ine ndinanyozera, zala zakuphazi zinaola, nchifukwa chake ndimayenda monga umandionera. Chipolopolo chimene ndinkakuuzani chija panalibe.

Mapiritsi akakupatsani, meza. Ife ankatipatsa achikasu a malungo, ndiye panamveka mphekesera yoti azungu aikamo mankhwala opha mphamvu ya amuna kuti tisakabereke. Ine ndinkabisa pansi pa lilime nkukalavula kuseri. Malungo anandigwira mpaka ndinkaona amayi anga akupeta m'tenti. Amene ankameza anabereka ana khumi khumi, ine wolavula ndinabereka inu anayi. A Dinesi akuseka. Sekani tsopano, a Dinesi, kutsogoloku kulibe choseketsa.

Tsopano ndafika pa chimene ndakulembera. Chinachitika tili pa kampu ina m'chigwa, pafupi ndi mtsinje waukulu, adani ali tsidya. Ankatigawa anthu asanu ndi atatu pa poto mmodzi. Chakudya chinkagwa ndi ndege, matumba nkumaphulika m'matope: mpunga woyera mbee, zitini, mabisiketi olimba ngati phale, tiyi, mchere, ndi kathumba ka nyemba ndi mtedza. Ufa kunalibe. Mimba zathu zinkalira ufa usiku ndi usana. Pa poto wathu asanu ndi awiri tinali a kuno, Ayao a mpingo umodzi. Wachisanu ndi chitatu anali Nakhumwa, Mlomwe wa ku Phalombe, wamfupi, wa mawu ochepa. Ndiye ankatiphikira.

Munthu uja ankayatsa moto mvula ili mkati. Ankang'amba nsungwi, nkupala zouma za m'kati, nkuuzira pansi pa chipewa chake mpaka utsi utuluke. Mapoto ena ankatafuna mpunga wosapsa, ife tikudya wotentha. Akapeza mpata ankapita cha ku kamudzi ka eni dziko kanali pafupi, kukasaka masamba, tsabola ndi mphukira za nsungwi. Tinkamuseka kuti, "Iwe wodya njoka, lero watiikira mphiri kapena nsato?" Iye nkuyankha osatukula mutu, "Njoka ikanapezeka, a Shehe, mukanaizinga nokha." Tinkaseka, nkupereka mbale kuti ationjezere.

Ine ntchito yanga inali yosunga kathumba ka nyemba ndi mtedza kaja. Anandisankha poti ndinali wopemphera. Ndiye fodya anatha pa kampu. Iwe susuta, usadzayambe. Munthu wosowa fodya amaiwala dzina la amayi ake. Ku kamudzi kaja azimayi ankapichira ndudu zazikulu ngati chala cha mkombaphala, ndipo ndalama sankazifuna, ankafuna chakudya. Tsiku loyamba ndinapereka mtedza wodzaza dzanja. Ndinati dzanja limodzi pa anthu asanu ndi atatu, ndani angadziwe? Mlungu wotsatira inali mbale. Kenako thumba lonse. Anzanga akafunsa ndinkati, "Ndege yaponya m'madzi, za poto wathu zaola." Ankatukwana ndege. Inenso ndinkatukwana nawo, ndudu zili m'jombo. Mwanangu, chakudya cha gulu chikadzakhala m'manja mwako, chiyese moto. Usatapepo ngakhale njere imodzi, chifukwa yachiwiri siivuta.

Mwezi unatha ndi masiku ena tikudya mpunga woyera ndi mchere, poti zitini nazo zinachepa. Woyamba kutupa anali Musa, mwana wa kwa Nyambi. Miyendo inachita ngati mitondo. Ukadina ndi chala, dzenje linkatsala pomwepo. Akayenda pang'ono, befu. Kenako anatupa wina, kenako winanso. A Kopolo Bwanali anali atawatengera kuchipatala ndi malungo. Akanakhalapo mwina akanatiwombera m'manja kuti tidzuke.

Iwe wakulira kuno, ukudziwa chimene munthu wa kwathu amaganiza akaona kutupa kotere. Ndaka, imene ena amati tsempho. Ukudziwa kuti munthu amene wagona ndi mkazi kumbali ndi wotentha, ndipo akathira mchere m'chakudya cha anthu ozizira, amawadula: miyendo imatupa, chifuwa chimabanika. Nanga ife tonse tinali ozizira, akazi athu ali kutsidya kwa nyanja yamchere. Tsiku lina tili chikhalire m'dzenje, Musa akubuula, wina anati, "Abale, iyi ndi ndaka. Pali wina watentha pakati pathu." Tinayang'anana. Ine ndinaona ngozi, chifukwa akanayamba kufunsa za amene amapita ku kamudzi kaja, dzina langa likanatuluka, ndipo za thumba zikanatulukira pomwepo. Ndiye pakamwa panga panathamanga. Ndinati, moseka ndithu, "Kodi wothira mchere ndani? Nanga kumudzi kuja amangokatenga masamba okha?"

Mawu ake anali omwewo basi. Sindinalumbire, sindinaloze chala. Ndinangoponya.

Sitinamumenye. Bola tikanamumenya. Madzulo ake Nakhumwa atapakula, palibe anatambasula mbale. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, nati, "Chavuta nchiyani, achimwene?" Musa anayankha ali chigonere, "Funsa mkazi wako wa tsabola uja. Wandipha iwe." Nakhumwa anati, "Ine? Mkazi wanga ali ku Phalombe, ndinamusiya ndi pakati." Wina anati, "Alomwe mumatero nonse." Tinataya mpunga uja m'matope, ife anthu anjala. Mbale yake tinaichotsa pakati pa zathu. Kuyambira tsiku limenelo ankadyera yekha kuseri kumene ankamangirira abulu, ndipo munthu sankalandira kanthu kuchokera m'dzanja lake, ngakhale machesi. Poto anapatsa ine.

Yusufu, tamvera bwino apa. Msilikali amapirira mvula, amapirira sajeni, amapirira kuona mnzake atang'ambika mimba. Chimene sapirira ndi kudya yekha anzake akumuona. Ukadzaona munthu wachotsedwa pa poto, kaya akumunenera ufiti, kaya umbava, kaya akuti ndi kazitape, tenga mbale yako ukakhale naye. Akakuseka, akuseke. Ndipo ufunse kuti anayamba kunena ndani, chifukwa woyamba kunenayo kawirikawiri ali ndi chake m'jombo. Masiku anonso si zachilendo, munthu akumasowa pakhomo chifukwa cha mawu amodzi amene mnzake waponya pa mowa kapena pa msonkhano. A Dinesi, lembani, sindinatchule munthu. Iwe watengera pakamwa panga, ndimakumva ukamacheza ndi anzako. Nthabwala yako isadzakhale ndi dzina la munthu m'kati pamene anthu ali ndi mantha. Wamva, mwanangu? Pamene anthu ali ndi mantha, tseka pakamwa.

Masiku anayi ndinaphika ine. Moto unkandikana, mpunga unkatuluka wosapsa m'kati, kutupa osasintha. Tsiku lachisanu kunabwera dresala, wothandiza dokotala, munthu wa kumpoto wopita kusukulu. Anadina mwendo wa Musa, ife nkumuuza za ndaka. Anatiyang'ana ngati ana. Anati, "Mchere wake uti? Awa ndi matenda a mpunga woyera wokhawokha. Nyemba ndi mtedza zimagwa ndi ndege mlungu uliwonse, mapoto ena akudya, miyendo yawo ili bwino. Zanu zikupita kuti?" Sajeni anali pomwepo. Maso onse anabwera kwa ine, wosunga thumba.

Apa Mulungu anandipatsa khomo lachiwiri, lotseguka bwinobwino. Ndikananena zoona akanandimanga masiku angapo, nkundidula malipiro, anzanga nkundimenya mbama, basi. Lero ndikanakhala ndikuiseka nkhaniyi. Koma ndinati, "Ndinkapereka kwa wophika, bwana." Wina anawonjezera kuti, "Ndiye ankahonga nazo mkazi uja!" Sajeni sanafunsenso. Anati, "Nakhumwa, poti umakonda kuyendayenda, mawa uyenda kutsogolo kwa gulu lokazonda kumtsinje." Malo akutsogolo aja tinkasinthana tsiku ndi tsiku, chifukwa woyamba kuonekera ndi amene mfuti ya tsidya imayambira. Wophika sankapitako nkomwe.

Dzuwa likulowa Nakhumwa anandipeza ndikulimbana ndi nkhuni zonyowa. Anakhala chonjuta patali pang'ono, monga tinamuzoloweza. Anati, "A Shehe, musaunjike choncho, moto umafuna mpweya." Kenako anati, "Ndinakuonani Lachiwiri lija kuseri kwa nthochi, thumba lili paphewa. Ndi ulendo winanso." Ndinati, "Nanga bwanji sunanene kwa sajeni?" Anaseka pang'ono, nati, "Mlomwe mmodzi, Ayao asanu ndi awiri, wina mwa iwo Shehe. Akanamvera yani?" Kenako anati, "Ndimayesa munena nokha. Mpaka pamene dresala amafunsa paja, ndimayesabe munena." Anadikira. Tenti ya sajeni inali apo, ngati pano ndi pa shopu ya a Dinesi. Ine ndinapitiriza kuuzira nkhuni zanga. Anaimirira, napita kwa abulu ake.

Nkhondo itatha anatipatsa mendulo ndi jekete, natiuza kuti dziko silidzatiiwala. Linatiiwala tisanatsike sitima. Azungu anapita, anabwera athu, nawonso amatikumbukira tsiku limodzi pa chaka, kutiimika padzuwa ndi mendulo zathu. Iwenso adzakuiwala, usadzadabwe. Amene sadzakuiwala ndi amene unadya nawo poto mmodzi, ndipo iwenso sudzawaiwala ngakhale utafuna. Ine ku Phalombe sindinapiteko. Basi yake ndimaidziwa, ndakhala ndikuiona zaka zonsezi. Mwana amene anali m'mimba uja, ngati ali moyo, ndi wamkulu kuposa mkulu wako Saidi, ndipo ngati anamva kanthu za bambo ake, anamva kuti anali wakuba nyemba.

Amayi ako sakudziwa zimenezi. Woyamba kumva ndi a Dinesi, ndipo aleka kundiyang'ana kumaso. Ukabwerako, Mulungu akalola, ukafuna kundipatsa moni udzandipatse, ukapanda kufuna sindidzakufunsa. Koma ubwereko. Idya chimene wapatsidwa, sunga mapazi ako, thumba la gulu usaliyandikire, ndipo munthu asadye yekha iwe ulipo. Ndimalize nkhaniyi, kenako a Dinesi amate envelopu, sindiwonjezeranso.

M'mawa mwake tinadzuka mvula ikugwa, gulu lokazonda litanyamuka kale. Tinamva fungo la utsi. Pamalo pathu pophikira moto unali ukuyaka pansi pa makungwa, poto ali pamafuwa, mpunga utapsa bwinobwino, masamba ndi tsabola zili pamwamba. Pambali, pa tsamba la nthochi, panali kamulu ka mchere, katsamba kena katavundikira kuti mvula isasungunule. Sanathire. Tinaima mozungulira, anthu amene tinali tisanadye chakupsa masiku asanu. Wina anati, "Waphika ndi uja." Musa anati, "Koma mchere sanakhudzitse, ndiye palibe ndaka." Kenako ananditembenukira, nati, "A Shehe, thirani ndinu. Dzanja lanu ndi loyera."

Ndinathira. Tinadya mpaka kukokota poto. Tikutsuka mbale, mfuti ya tsidya inalira kumtsinje, kanthawi kochepa, nkusiya. Dzuwa lisanafike pamutu anabwera naye Nakhumwa pa machira a nsungwi, atamufunditsa bulangete mpaka kumaso, mpunga wake ukadali m'mimba mwathu.

Ndine bambo ako,
Amini.